Palibe amene anasempha mwana wa achemwali

Mwana wa achemwali anga anakhala ndi moyo masiku awiri okha. Anabadwa Lachitatu usiku, mwezi wa Seputembala zaka ziwiri zapitazo, pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, kudera la Nsaru. Anali mnyamata wonenepa bwino, zala zonse zokwanira. Koma kulira kwake kunali kwa mwana wotopa. Ankapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, milomo itada, ndipo kamimba kake kanali kophwa ngati ka munthu amene wagona ndi njala. Anamwino anamuika pa mpweya, kutacha ambulansi n'kumutengera kuchipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anamujambula pachifuwa. Dokotala anaitana achemwali ndi amayi n'kuwaonetsa chithunzicho: matumbo a mwanayo anali m'chifuwa, mbali ya kumanzere, pamalo pamene panayenera kukhala phapo, ndipo mtima unali utakankhidwira kumanja. Lachisanu madzulo, Sabata lili pafupi kulowa, mwana anatisiya.

Kwathu mwana akamwalira asanatuluke m'chikuta saikidwa ngati munthu wamkulu. Amapita naye kumanda ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo make amauzidwa kuti asalire kwambiri. Choncho maliro anatha msanga. Chimene sichinathe ndi nkhani. Pasanathe masabata awiri amalume anaitanitsa ankhoswe. Mlandu unali wakuti alamu, amene ankakhala kwathu pachikamwini, anapita kukagulitsa fodya ku Kanengo mwezi wa Juni ndipo anakhala m'tauni masiku 6. Ankagona kuti? Ankagona ndi yani? Akulu amati mwamuna amene mkazi wake ali ndi pakati akayenda njira zina, amabwera ali wotentha n'kusempha mwana. Kwa amalume, matumbo kukwera m'chifuwa unali umboni wokwanira kuti mwanayo anadulidwa. Alamu anakana mpaka kugwetsa misozi, koma mkamwini alibe mawu pamudzi pa eni. Mvula yoyamba isanagwe anali atanyamula chikwama chawo kubwerera kwawo ku Kabudula.

Kumpingo nako sikunali zii. Palibe amene ananena poyera, koma manong'onong'o anatifika: banja la Chiadiventi lolima fodya limayembekezera chiyani? Mayi wina amene anabwera kudzapepesa, mokoma mtima ndithu, anafunsa achemwali ngati ankamwa tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo pamene anali oyembekezera.

Tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde, achemwali anandifunsa motsitsa mawu kuti: "Iwe wapita kusukulu, tandiuza zoona. Matumbo amakwera bwanji m'chifuwa? Ndinalakwa pati ine?" Nthawi imeneyo n'kuti nditangolemba mayeso a Fomu 4 pasukulu ya mpingo, ndipo Biology ndi phunziro limene ndinkadzitama nalo. Ndikanatha kujambula chifuwa cha munthu nditatsinzina, n'kulemba dzina la chiwalo chilichonse molondola. Koma funso la achemwali sindinaliyankhe. Ndinangoti, "Ndi chifuniro cha Mulungu," mawu amene timabisalamo tikasowa chonena.

Ndikulemba izi kwa anzanga amene tikuphunzira zauphunzitsi, komanso kwa akulu ampingo amene amawerenga magazini ino. Maganizo anga ndi akuti timaphunzitsa ana thupi lomalizidwa kale, ngati nyumba imene inagwa kumwamba ili yofoleredwa, ndipo sitiwauza m'mene limamangidwira ndi m'mene nthawi zina kumangako kumaphonyekera popanda wolakwa. Mpata umene timausiyawo sukhala wopanda kanthu. Amalume amaudzaza ndi tsempho, ife a mpingo timaudzaza ndi chilango, ndipo mabanja akutha.

Yankho la funso la achemwali ndinalipeza chaka chathachi, m'buku limene anandibwereka mnzanga amene akuphunzira zaunamwino ku Malamulo. Ndiyesa kulifotokoza monga m'mene ndikanafunira kuti wina andifotokozere ndili ku sekondale.

Chiwalo chimene m'kalasi timachitchula kuti diaphragm ndi mnofu wopyapyala, wooneka ngati mbale yovundikira, umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Aliyense amene anaonapo mbuzi ikutumbulidwa anauona. Mukachotsa chifu, matumbo ndi chiwindi, mumapeza chinsalu chofiira m'mbali koma choyera pakati, chimene muyenera kuchidula kuti mufike pa mtima ndi mapapo. Mnofu umenewu ukakungika umatsika, chifuwa chimakula, mpweya umalowa. Ukamasuka umakwera, mpweya umatuluka. Munthu wamkulu amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti mnofuwu umagwira ntchito maulendo oposa 17,000 patsiku, tili maso ngakhale tili mtulo. Apa ndi pamene buku lathu la ku sekondale linkathera.

Chimene silinatiuze n'chakuti mnofu umenewu suyambira pamene uli. Umayambira m'khosi.

Masabata amene nditchule ndikuwawerenga kuyambira tsiku limene mbewu ya bambo yakumana ndi dzira la mayi. Mu sabata yachinayi kamwana kamakhala kosafika n'theka la sentimita lomwe, kochepa ngati kambewu ka mpunga. Pa nthawi imeneyo pamakhala kachidutswa kochindikala pakati pa mtima ndi pamene padzamere chiwindi, kamene madokotala amakatcha septum transversum. Kachidutswaka kamakhala moyang'anizana ndi pamene padzakhale khosi, ndipo mtsempha wodzabweretsa mauthenga ochokera ku ubongo umatulukira pomwepo, pa mfundo yachitatu, yachinayi ndi yachisanu ya khosi. Kenaka msana wa kamwanako umakula msanga kuposa mbali yakutsogolo, moti kachidutswa kaja kamapezeka kakutsika pang'onopang'ono. Pofika sabata ya 8 kamakhala katafika m'munsi mwa chifuwa. Mtsempha uja sukasiya. Umatalika n'kumakatsatira, kudutsa m'mbali mwa mtima, ndipo mwa munthu wamkulu umafika masentimita pafupifupi 30. N'chifukwa chake munthu amene wathyoka khosi kumtunda kwenikweni pangozi ya njinga yamoto amalephera kupuma, pamene amene wathyoka msana m'munsi amapumabe ngakhale miyendo itafa.

Koma kachidutswa kaja sikatseka ponse. Kumbuyo, mbali zonse ziwiri za njira ya chakudya, kumatsala mipata iwiri yolumikiza chifuwa ndi mimba. Zili ngati mmisiri wamanga khoma lapakati pa nyumba n'kusiya makomo awiri kumapeto. Makomo amenewa amatsekedwa ndi tinembanemba tiwiri timene timamera kuchokera m'mbali n'kudzakumana ndi kachidutswa kaja komanso kanyama kogwirira njira ya chakudya. Kutsekaku kumachitika cha mu sabata ya 7 ndi ya 8, kamwana kali kotalika ngati mtedza wosaswa. Maselo odzasanduka mnofu weniweni nawo amachokera kukhosi komwe kuja, n'kuyenda kudzafalikira pa tinembanembato. Khomo la kumanja limayamba kutsekeka, ndipo kumanjako kulinso chiwindi chimene chimatchinga. La kumanzere limatsalira pang'ono.

Pali chinthu chinanso chimene chinandidabwitsa. Cha mu sabata ya 6, matumbo amakula msanga kwambiri moti m'kamimba mumachepa, ndipo amatuluka kukakhala kaye m'chingwe cha mchombo. Zimenezi zinachitika kwa inu ndi ine tonse. Cha mu sabata ya 10 amabwerera. Akapeza makomo aja ali otseka, amakhazikika m'malo mwake. Akapeza khomo lina lili pululu, amalowera momwemo mpaka m'chifuwa, nthawi zina pamodzi ndi chifu. Phapo limene linali kungoyamba kuchita nthambi limapanikizika ndipo silikula. Mwana ali m'mimba savutika, chifukwa mpweya amalandira kwa make kudzera mumchombo. Amakula, amanenepa, amagunda m'mimba ngati mwana wina aliyense. Vuto limaonekera pa mphindi imene chingwe chadulidwa ndipo akufunika kupuma yekha.

Umu ndi m'mene matumbo amakwerera m'chifuwa. Chibowo chimenechi chimadziwika ndi dzina la Vincent Bochdalek, katswiri wa thupi la munthu wa ku Prague amene anachifotokoza mu 1848. Chimapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi pa ana 3,000 obadwa, ndipo mwa ana 10 otere, 8 kapena kuposerapo chimakhala kumanzere, monga zinalili ndi wathu uja. Ku Malawi kumabadwa ana oposa 500,000 pachaka. Ngati chiwerengero chija chili chimodzimodzi kwathu kuno, ndiye kuti ana oposa 150 chaka chilichonse amabadwa chonchi. Ndimadzifunsa kuti pa mabwalo angati a ankhoswe pamene ana amenewa anazengetsa milandu anthu osalakwa.

Ndisapite patali osanena kuti nawo mabuku akukonzedwabe. Mu 2015 gulu la Gabrielle Kardon pa yunivesite ya Utah ku America, pofufuza pa mbewa, linaonetsa kuti tinembanemba tija si zitseko chabe ayi, koma ndi timene timatsogolera maselo a mnofu kumene ayenera kupita. Pamene maselo a tinembanembato ali ndi vuto m'malangizo ake achibadwa, mnofu sumera pamalopo, ndipo pamatsala pofooka pamene matumbo amatha kukankha. Zimenezi ziyenera kutichepetsa ife aphunzitsi amene timakonda kulankhula ngati buku la m'manja mwathu ndi lomaliza. Koma palibe pamene kafukufukuyu, kapena wina aliyense, akutchula kumene bambo anagona.

Tsopano tiyeni tiwerenge masiku. Mwana wobadwa pakati pa Seputembala, miyezi yake itakwana, mimba yake inayamba cha kumapeto kwa Disembala. Sabata ya 7 ndi ya 8 ikugwera m'Febuluwale. Matumbo anabwerera kumayambiriro kwa Malichi. Pamene alamu ankakwera lole ya mabelo kupita ku Kanengo mu Juni, chibowo chija chinali chitakhalapo kale miyezi inayi. Anthu anaweruza mlandu wa Juni pa chinthu chimene chinachitika mu Febuluwale, pamene ngakhale achemwali eniakewo anali asanauze munthu aliyense kuti ali ndi pakati. Musandimve molakwa: ngakhale alamu akanayenda ulendowo mu Febuluwale momwemo, sakanaboola mnofu wa mwana ali m'chiberekero. Mwamuna wosakhulupirika atha kubweretsera mkazi wake chindoko kapena HIV, ndipo matenda amenewa amaphadi ana. Imeneyo ndi nkhani yoona, imene timayeza magazi n'kuidziwa. Koma si nkhani ya chibowochi. Ndatchula masiku chifukwa munthu amene sangakhulupirire buku la ku Prague atha kukhulupirira zala zake akawerenga yekha.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Mwa ana ena madokotala amapeza vuto la chibadwa, ndipo nthawi zambiri ana oterewa amakhalanso ndi vuto la mtima kapena la ziwalo zina. Koma mwa ana ambiri choyambitsa sichipezeka. Pali chingwe chimodzi chimene ofufuza akhala akuchitsata kwa nthawi yaitali. Mu 1953 Josef Warkany ndi anzake ku Cincinnati anaonetsa kuti makoswe amene anamanidwa vitamini A ali ndi bere ankabereka ana ambiri okhala ndi chibowo chotere. Nditawerenga zimenezi mtima unandigunda, chifukwa Febuluwale kwathu ndi mwezi wa njala. Koma makoswe aja anamanidwa vitaminiyo dala, pafupifupi yense, ndipo palibe dokotala amene angaloze mayi mmodzi n'kunena kuti mwana wako anafa chifukwa sunadye chakuti. M'mudzi mwathu amayi ambiri anadutsa Febuluwale yemweyo ndi nsima ya nkhwani womwewo, ana awo n'kubadwa bwinobwino. Kudya maungu, mango, mbatata yofiira m'kati ndi masamba n'kwabwino kwa mayi aliyense. Koma kumwa mapiritsi amphamvu a vitamini A popanda uphungu wa kuchipatala n'koopsa, chifukwa akachuluka nawonso amalemaza mwana wosabadwa.

Apa ndi pamene ndikufuna kulankhula ndi a mpingo wanga. Uthenga wathu wa zaumoyo ndimaukonda, ndipo ndinakula nawo. Mowa ndi kusuta zimawonongadi mwana ali m'mimba, ndipo tipitirize kunena zimenezo mosaopa. Za kulima fodya nazo tikambirane, pa nthawi yake, ndi anthu amene akusowa mbewu ina yowapezera fizi ya ana. Koma pali kamsampha. Munthu amene waphunzitsidwa kuti matenda ambiri amabwera chifukwa cha kadyedwe ndi kakhalidwe amafika poganiza kuti matenda onse ali ndi mwini wake. Akaona maliro amayamba kufufuza kapu ya tiyi. Zikatero ndiye kuti tachotsa tsempho pakhomo lakumaso n'kulilowetsa pakhomo lakuseri, litavala yunifolomu ya Dorika. Kusiyana kwa amalume ndi mayi wodzapepesa uja kunali kwakuti amalume analoza alamu, mayi uja analoza achemwali. Tonse timadziwa nkhani ya munthu wobadwa wosaona ya pa Yohane 9, m'mene ophunzira anafunira kudziwa wochimwa pakati pa iyeyo ndi makolo ake, ndi m'mene Yesu anakanira mbali zonse ziwiri. Timaiphunzira m'Sukulu ya Sabata, koma tikafika pasiwa timafunsanso funso la ophunzira lomwe lija.

Mnzanga wina wa m'chipinda anandiuza kuti akuopa kuti kuphunzitsa ana za ziwalo zosamalizika kuchepetsa ulemu wa Mlengi. Ine ndikuona mosiyana. Ndisanawerenge buku lija, kupuma ndinkakutenga ngati chinthu wamba. Lero ndikaganiza kuti mnofu unayamba ulendo m'khosi mwa kanthu kochepa ngati mpunga, n'kutsika ukukoka mtsempha wake, makomo awiri n'kutsekeka matumbo asanabwerere, ndipo kuti mwa ana 3,000 zimenezi zimayenda bwino mwa onse kupatula mmodzi, ndimasowa chonena. Ndipo ndife tomwe amene timaphunzitsa kuti dziko lino si Edeni. Chikhulupiriro chimene chimalimba pokhapokha mwana asanamve zoti ana ena amabadwa ndi chibowo chidzagwa tsiku limene adzaone yekha ku matenite.

Wina anganene kuti: nanga kudziwa zonsezi kukanamupulumutsa mwanayo? Mwina ayi, ndipo sindinamiza munthu. Chimene chimapha ana amenewa kwenikweni si chibowocho, koma mapapo osakula ndi mitsempha yake ya magazi yothina. Kusoka chibowo madokotala anayamba kalekale. Robert Gross wa ku Boston anachita bwino opaleshoni yotere pa mwana wosakwana tsiku limodzi mu 1946. Koma ngakhale m'mayiko olemera, kumene kuli makina opumira m'malo mwa mwana kwa masabata, amene amapulumuka ndi pafupifupi 7 mwa 10 alionse. Kwathu kuno malo oyamba omangidwira opaleshoni ndi chisamaliro cha ana odwala mwakayakaya, a Mercy James pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anatsegulidwa mu 2017, ndipo ali pamtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Lilongwe. Ndiye n'kutheka kuti mwana wa achemwali akanamwalirabe ngakhale mudzi wonse ukanakhala wa madokotala. Koma pa Seputembala uja sitinataye mwana yekha. Tinataya banja, achemwali anataya tulo kwa chaka chathunthu, ndipo mwana wawo woyamba, wa zaka zinayi, anataya bambo. Zimenezi sizinkafuna makina.

Komanso si ana onse a chibowochi amene amaonekera tsiku lobadwa. Ena chibowo chimakhala chaching'ono, mapapo amakula bwino, ndipo vuto limadzaoneka patapita miyezi kapena zaka: kutsokomola kosatha, kusanza, kubanika akadya, kusanenepa. Ana amenewa opaleshoni imawathandiza kwambiri. Tsono taganizirani dzina limene mwana wotsokomola ndi wowonda amapatsidwa kumudzi. Ambiri mwa ana otchedwa a tsempho amakhala ndi TB kapena kunyentchera, ndipo chibowo ndi cha apo ndi apo. Koma onsewa mankhwala awo ali kuchipatala, ndipo sabata iliyonse imene yathera pofufuza amene anagona kunja ndi sabata imene mwana sanajambulidwe.

Sindikunyoza akulu. Malamulo a mdulo anali ndi ntchito yake: ankamanga mwamuna kuti asayendeyende mkazi ali woyembekezera, ankapatsa mayi mpumulo atabereka, ankatalikitsa ana. Amalume si munthu woipa. Ndi mwini mbumba amene anaona mdzukulu wafa ndipo anafuna kuteteza mwana wa mlongo wake ndi chida chokhacho chimene anapatsidwa. Funso langa ndi lakuti: n'chifukwa chiyani m'mudzi momwe muli anthu angapo a satifiketi ya Fomu 4, kuphatikizapo ine, munalibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi chida china?

Yankho lake lili m'kalasi. Kupuma timaphunzitsa teremu ina, kubereka teremu ina, ndipo mitu iwiriyi sikumana. Pa kubereka pomwepo ambirife timathamanga ndi manyazi, makamaka m'sukulu za mpingo, kungotchula mayina ofunika pamayeso n'kudutsa. Sindikupempha kuti silabasi isinthe, ndipo ndikudziwa kuti mphunzitsi wa pa CDSS amene ali ndi ana 90 m'kalasi alibe nthawi yotaya. Ndikupempha piriyodi imodzi ya mphindi 40.

Zipangizo zake n'zimene timaphunzira kale pa TALULAR. Dulani botolo lapulasitiki kunsi, lowetsani chibaluni pakamwa pake, mangani kapepala kapulasitiki kunsiko. Mukakoka kapepalako chibaluni chimafufuma. Aliyense amachita zimenezi. Chimene sindinaonepo mphunzitsi akuchita ndi kuboola kapepalako. Boolani, ndipo ana aone chibaluni chikukana kufufuma. Kenaka kankhirani kansanza pabowolo mpaka kapanikize chibaluni, muwauze kuti awa ndi matumbo. Jambulani mzere wa masabata 38 pabolodi, muike chizindikiro pa 4, pa 8 ndi pa 10, n'kuwafunsa kuti pa nthawi imeneyi ndani m'mudzi amakhala atadziwa kuti mayi ali ndi pakati. Ngati pali kandalama, pitani kwa opha mbuzi pa tsiku la msika ku Nsaru, ku Mpingu kapena ku Nambuma, muwapemphe kuti akudulireni mapapo ndi mtima chinsalu chija chili pomwepo. Mubweretsenso nkhuku yotumbula, ana afufuze chinsalucho mpaka atope. Sachipeza, chifukwa mnofu wotere uli ndi nyama zoyamwitsa zokha. Mwana amene wagwira ndi manja ake saiwala.

Phunziro lomweli lili ndi mphatso ina imene ingapulumutse moyo wa mtsikana wokhala pa desiki yakutsogolo. Popeza mtsempha wa diaphragm umachokera kukhosi, pamalo amodzi ndi mitsempha ya khungu la paphewa, ubongo umasokoneza ziwirizi. Magazi akatayikira m'mimba n'kukhudza mnofuwu kunsi kwake, munthu amamva kupweteka pansonga ya phewa. Mayi amene wadumphitsa mwezi, akumva m'mimba kupota, akuchita chizungulire ndipo phewa likumupweteka, n'kutheka kuti mimba inakhala panjira ya mazira ndipo yaphulika. Ameneyo si wothowa phewa ndi madzi otentha. Ndi wothamanga naye usiku womwewo kumene kuli chipinda cha opaleshoni, monga ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central. Chimodzimodzinso mnyamata amene wagundidwa m'nthiti za kumanzere pampira kapena wagwa pangolo n'kumadandaula phewa.

Ndipo pali nkhani ya sikelo. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe maulendo 8, ulendo woyamba masabata 12 asanathe, komanso kuti aunikidwe ndi makina kamodzi asanafike masabata 24. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Zifukwa tikuzidziwa: mtunda, komanso mantha akuti mimba ikadziwika msanga anthu oipa aiona. Makina ounikira saona chibowo chilichonse, ndipo sachitseka. Koma chikaoneka, mayi amakachirira kuchipatala chachikulu m'malo moti mwana wa maola ochepa agwedezeke mu ambulansi pamsewu wafumbi. Azamba nawo amakhala okonzeka, chifukwa mwana wotere kumupopera mpweya pamphuno ndi pakamwa monga amachitira ndi ana ena kumadzaza chifu ndi matumbo zimene zili m'chifuwa, phapo n'kupanikizika koposa.

Holide yapitayi ndinapita kwathu ndi botolo langa. Ndinakhala ndi achemwali kuseri kwa nkhokwe, ndinajambula pansi ndi kamtengo, ndipo masabata tinawerenga ndi njere za mtedza. Atafika pa njere ya 8 anaima, n'kuyambiranso kuwerenga okha kuchokera pa Disembala. Kenaka anati: "Febuluwale? Si nthawi imene tinkathyola fodya imeneyo? Alamu akowo ankangochoka m'munda kulowa m'chigafa, ngakhale kumsika sankapita." Anakhala chete nthawi yaitali. Atatero anafunsa ngati zidzachitikenso akadzakhala ndi pakati pena. Ndinawauza zimene mabuku amanena, kuti ngati mwana analibe vuto lina lachibadwa, zimabwereza mwa mabanja pafupifupi awiri pa 100, ndipo kuti akadzayembekezeranso adzauze anamwino pa ulendo woyamba wa sikelo kuti awatumize kokaunikidwa.

Amalume ndinawafotokozeranso, nditakhala pansi, iwo ali pampando. Anamvetsera mpaka kumapeto, anatenga botolo lija n'kukoka kapepala kangapo konse, kenaka anati, "Za kusukulu zimenezo, mphwanga." Koma botololo sanandibwezere, moti ndinachita kupanga lina.

Lachiwirilo ndi limene ndinakwera nalo kabaza kupita ku Kabudula, atandituma achemwali. Ndinapeza alamu akumanga khola la nkhunda. Mayi awo anayala mphasa, ndipo ndinayambiranso, kuyambira kukhosi. Nditamaliza, mayiwo anapempha kuti ndibwereze za matumbo otuluka kukakhala mumchombo, chifukwa zinawaseketsa. Alamu sanaseke. Anandiperekeza mpaka pamsewu osalankhula, ndipo pamene ndinkakwera njinga anati ndikauze amalume kuti ankhoswe a kwawo abwera tikakolola.